Wofuna Kupulumutsa Kavalo Ayambe ndi Mwini Wake

Mwa ziweto zonse zimene munthu waweta ciyambire, palibe zina zimene zamsenzera akatundu olemera monga kavalo ndi abale ake awiri, bulu ndi nyulu. Galimoto inafika, sitima ya pamtunda inafika, ndege nayo inafika, koma kufikira lero lino m'miseu ya Cairo, m'mapiri a Ethiopia ndi a Lesotho, m'misika ya ku Senegal ndi pa ng'anjo zoochera njerwa za ku India ndi ku Pakistan, ziweto zimenezi ndizo zikoka ngolo, kututa madzi ndi njerwa, kupereka ndiwo kumsika ndi kunyamula odwala kunka nao kucipatala. Bungwe la Brooke, limene nchito yake ndi kusamala ziweto zotere, liwerengera kuti ziweto zogwira nchito za mitundu itatuyi ziripo ngati 100 miliyoni pa dziko lonse, ndi kuti anthu okwana ngati 600 miliyoni amadya thukuta lao. Koma zambiri mwa izo zimagwira nchitoyo ndi zironda pamsana, ziboda zong'ambika, ndi nthiti zoonekera poyera zakuti ngakhale mwana angathe kuziwerenga ali patali.

Kavalo wotere akagwa pakati pa mseu, ngolo iri yomangidwabe kumbuyo kwake, anthu osonkhanapo amagawika pawiri. Ena amayang'ana pang'ono napitirira, nati, "Nyama ndi nyama basi, anthu ali kugona ndi njala, tsono ndani angataye nthawi ndi ndalama pa kavalo?" Ena amagwidwa ndi cifundo cacikulu pa kavaloyo, ndipo cifundo caoco cisanduka ukali pa mwini wake, nati, "Mlandeni kavaloyo, ndipo munthu wouma mtimayu mtengereni kubwalo." Magulu awiriwa aoneka ngati otsutsana, koma kulakwa kwao ndi kumodzi: onse alekanitsa kavalo ndi munthu, monga ngati moyo wa wina ungakonzeke popanda wa mnzake. Zimene zacitika pa zaka pafupi zana limodzi za nchito yopulumutsa akavalo zionetsa poyera kuti kavalo apulumuka ndithu pokhapo mwini wake ataphunzira kumsunga, ndiponso atapeza njira yocitira zimene waphunzirazo.

Mau a gulu loyamba lija amveka ngati anzeru, pakuti ndi zoona kuti njala ya munthu iposa njala ya ciweto. Koma wonena mauwa sanafunse kuti cakudya ca m'nyumba ya woyendetsa ngolo cicokera kuti. Munthu amene cuma cake conse ndi kavalo mmodzi ndi ngolo imodzi amadya tsiku limene kavaloyo wayenda. Tsiku limene watsimphina, mphika sukhala pamoto. Ndalama za sukulu, za mankhwala ndi za nyumba, zonse ziri pa miyendo inai ija. Kavalo akafa, banjalo litaya munda wake, sitolo yake ndi galimoto yake tsiku limodzi, ndipo kawiri kawiri litsala ndi ngongole imene linatenga pomgula. Cotero dotolo amene atsuka bala la kavalo wa mmphawi ali kudyetsa ana a mmphawiyo, ngakhale sanaone nkhope zao. Wonena kuti anthu ndiwo ayambe kuthandizidwa ayenera kukondwa poona cipatala ca akavalo, cifukwa anthu amene iye awanenera ndiwo oyamba kufola pakhomo pake m'mamawa.

Ndiponso kavalo amamva kuwawa monga cimvera camoyo ciri conse ca mwazi ndi mitsempha. Cimene cipusitsa anthu ndi cakuti iye salira mokweza monga acitira galu akapondedwa. Makolo a kavalo anali nyama za m'madambo zosakidwa ndi zirombo, ndipo nyama yotere imabisa kudwala kwake, pakuti yooneka yofoka ndiyo iyamba kugwidwa. Bulu ndiye aposa pa kubisako. Kukhala cete kumeneku ena akuyesa kulimba, ena akuyesa liuma, namenya ciweto cimene caima cifukwa ca ululu. Munthu amene wamanga camoyo cotere m'zingwe, nacicotsera ufulu wakudzifunira cokha madzi, msipu ndi mthunzi, wadzisenzetsa mangawa akucipatsa zonsezo, ndipo mangawawo sathawika ponena kuti ndi nyama cabe.

A gulu laciwiri ayenera kuyankhidwa mofatsa, cifukwa mtima wao ndi wabwino. Cimene asowa ndi kuona patali. Yankho lao lipezeka m'mbiri ya mai wina wa ku Britain, dzina lake Dorothy Brooke. Pa Nkhondo Yaikulu ya 1914 mpaka 1918, asilikari a Britain ndi a Australia anatengera akavalo ambirimbiri ku Egypt ndi ku Palestine. Nkhondo itatha, akavalowo sanabwerere kwao, cifukwa ca kukwera mtengo kwa zombo ndi malamulo oletsa kulowetsa matenda a ziweto. Mwa akavalo 136,000 amene dziko la Australia linatumiza kunja pa nkhondoyo, mmodzi yekha ndiye anabwerera. Zikwi za akavalo a gulu la nkhondo la Britain zinagulitsidwa komweko ku Egypt, ndipo nyama zimene zinazolowera kudya bwino ndi kupesedwa tsiku ndi tsiku zinayamba kukoka ngolo za miyala ndi za akatundu m'dzuwa loswa mtengo la kumeneko.

M'caka ca 1930 Mai Brooke anafika ku Cairo pamodzi ndi amuna ao, Geoffrey Brooke, amene anali mkulu wa asilikari okwera pa akavalo. Anapeza ena a akavalo aja akali moyo, a zaka zopitirira 20, ena akhungu, ena opunduka, onse mafupa okhaokha. M'caka ca 1931 analemba kalata ku nyuzipepala ya ku London yochedwa Morning Post, kufotokoza zimene anaona, ndipo owerenga anatumiza ndalama zambiri. Ndi ndalamazo iwo ndi anzao anayamba kugula akavalowo kwa eni ake, ndipo pa zaka zitatu anagula okwana 5,000. Ambiri a iwo anali atatheratu, kotero kuti cimene cinatheka ndi kuwapatsa masiku owerengeka a mpumulo, madzi ndi cakudya, kenaka kuwapha mosawamvetsa ululu.

Kuombola akavalo 5,000 ndi nchito yaikulu, ndipo wina akadapumula pomwepo nalandira ulemu wake. Koma kugula kokha sikukadathetsa bvutolo. Woyendetsa ngolo amene wagulitsa kavalo wake lero ayenera kudya mawa. Cotero apita kumsika nagula wina, kavalo wa dziko lomwelo kapena bulu, nammanga m'zingwe zomwe zija zimene zinadya msana wa woyamba, namkoketsa ngolo yomwe ija yopendekeka. Mmodzi wapulumuka, wina walowa m'malo mwake, ndipo kuculuka kwa zironda m'mzindamo kuli cimodzimodzi. Akavalo a nkhondo anali oti adzatha okha ndi ukalamba, koma umphawi ndi kusadziwa, zimene zinawazunza, zinali zoti zikhalabe. M'caka ca 1934 Mai Brooke anatsegula ku Cairo cipatala cochedwa Old War Horse Memorial Hospital, kuti ciweto ciri conse cogwira nchito m'mzindamo cilandire mankhwala kwaulere. Pambuyo pake panamangidwa zomwera madzi ndi misasa ya mthunzi m'malo oimikapo ngolo. Iwo anamwalira m'caka ca 1955, koma bungwe la dzina lao linakula mpaka ku India, Pakistan, Ethiopia, Kenya ndi Senegal, ndipo mbali yaikulu ya nchito yake lero ndi kuphunzitsa eni ziweto, amisiri ndi adotolo a komweko.

Kodi ndi zotani zimene mwini kavalo ayenera kuphunzira? Siziri zakuya zakuti zifune munthu wa ku koleji, koma kusazidziwa kwapha akavalo ambiri koposa cikoti. Coyamba ndi madzi. Kavalo wamkulu afuna malita 20 kufikira 50 pa tsiku, ndipo pogwira nchito m'dzuwa afuna oposa pamenepo, cifukwa amataya madzi ambiri ndi thukuta. Koma m'maiko ambiri muli cikhulupiriro cakuti kavalo wotentha thupi akamwa madzi adwala, ndipo eni ake amammana madzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ali kuganiza kuti amchinjiriza. Adotolo a ziweto apeza kuti kummanako ndiko kumene kumapha. Munthu wotere sali wankhanza. Acita zimene atate wake anamphunzitsa, ndipo kumtengera kubwalo sikumcotsa cikhulupiriroco. Cimene cimcotsa ndi kuona ndi maso ake kavalo wa mnzake, amene amamwa kawiri kawiri, ali kuyenda mwamphamvu dzuwa litapendeka, pamene wake wagwetsa mutu.

Caciwiri ndi cakudya. Cifu ca kavalo ndi cacing'ono poyerekeza ndi thupi lake. Iye sakhoza kusanza, ndiponso sabzikula monga ng'ombe. Akakhala kuchire amadya pang'ono pang'ono maora ambiri, usana ndi usiku womwe. Tsono kumgwiritsa nchito tsiku lonse wopanda kanthu m'mimba, ndi kumthirira mulu wa gaga kapena wa cimanga madzulo, ndiko kuitana nthenda ya kupotokola kwa m'mimba, imene ipha akavalo ambiri. Amene amamasulira ciweto cake kudzala kuti cikadzifunire cakudya acita coopsa coposa, pakuti mapepala a pulasitiki akalowa m'matumbo amatseka njira. Mano a kavalo nao amaphukabe zaka zambiri, ndipo akaperepeseka mokhota amakhala ndi nsonga zakuthwa zoceka masaya ndi lilime. Kavalo wotere aonda cakudya ciri pamaso pake, mwini wake nkumati wakalamba kapena walodzedwa, pamene cofunika ndi tupa m'dzanja la munthu wodziwa.

Cacitatu ndi ziboda. Ciboda cimakula monga cikhadabo, ndipo cifuna kusengedwa pakapita masabata 6 kapena 8. Pa mseu wa tara kapena wa miyala cimatha msanga koposa makulidwe ake, ncifukwa cake amacikhomera citsulo kunsi. Koma mmisiri wosaphunzira amaceka ciboda kuti cilingane ndi citsulo cimene ali naco, m'malo mosula citsulo kuti cilingane ndi ciboda, ndipo msomali ukalowa mokhota ufika pa mnofu. Pa bala lotere mpamene palowera kafumbata, nthenda imene akavalo agwidwa nayo msanga koposa ziweto zambiri, ngakhale katemera wake alipo. Mmisiri mmodzi wa ziboda amagwira miyendo ya akavalo a dera lonse. Akaphunzitsidwa iye, apulumuka akavalo amene wolanditsa uja sakadawaona konse.

Cacinai ndi zomangira ndi ngolo yomwe. Zironda zambiri za pacifuwa, za pamsana ndi za kunsi kwa mcira zicokera ku zomangira zopangidwa ndi waya, mphira wa matayala akale ndi zingwe zopyapyala, zimene zimaceka khungu pa phazi liri lonse limene kavalo aponda. Mankhwala angapoletse cironda, koma zingwe zomwezo zikabwerera, cirondaco cibweranso sabata isanathe. Comangira cotambalala, cofewetsedwa ndi nsalu kapena cikopa ca nkhosa, cimene citsukidwa ndi kuumitsidwa, cicita zimene botolo la mankhwala silingathe. Katundu naye aikidwe molingana pamwamba pa mikombero: akapendekera kutsogolo apsinja msana, akapendekera kumbuyo anyamula kavalo ndi lamba wa pamimba, miyendo nilephera kugwira nthaka bwino. Matayala akuphwa ndi mikombero yosadzozedwa mafuta zionjeza kulemera pacabe.

Palinso mankhwala oipa. Eni ziweto osowa dotolo amathira mafuta akuda a injini kapena madzi a m'batire pa bala, amatentha mwendo wotupa ndi citsulo camoto, ndipo ena amang'amba mphuno za bulu, ati kuti azipuma bwino. Zonsezi ndi zowawa ndi zopanda phindu. Koma wolingalira bwino aona kuti munthu amene atentha mwendo wa kavalo wake ali kuyesa kumciritsa. Wataya nthawi yake, mwinanso walipira ndalama kwa wotenthayo. Mtima wofuna kuciritsa ulipo kale, wangosowa njira. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma nanga amene alibe womfunsa, mlandu wake ndi wotani? Munthu wotere akalandidwa kavalo nacititsidwa manyazi pagulu, aphunzira cinthu cimodzi cokha, ndico kubisa ciweto cake codwala kuseri kwa nyumba pamene woyendera afika. Pamenepo kavalo amene akadaciritsidwa afera mumdima.

Komatu kuphunzitsa sindiko kuimirira pamaso pa amphawi ndi kuwalalikira za cifundo. Munthu angathe kudziwa kuti kavalo afuna kupumula, koma ngati kavaloyo ndi wobwereka, ndipo mwini wake afuna ndalama zake madzulo ali onse, woyendetsayo adzathamangitsa ciweto kufikira atapeza za mwini ndi zake zomwe. Anna Sewell anaciona cimeneci ku England. M'buku lake lochedwa Black Beauty, limene linasindikizidwa m'caka ca 1877, anaonetsa nkhanza za olemera amene anamangira mitu ya akavalo ao m'mwamba kaamba ka kunyada, naonetsanso oyendetsa magareta a ku London amene lendi ya tsiku ndi tsiku inawakakamiza kulemetsa akavalo. Pa ng'anjo za njerwa za ku India ndi ku Pakistan malipiro amawerengedwa pa kuculuka kwa njerwa zotutidwa, ndipo mabanja ambiri amagwira nchito ali ndi ngongole kwa mwini ng'anjo. Wouza munthu wotere kuti acepetse katundu, osalankhula ndi mwini ng'anjo za mthunzi, madzi ndi njira yosalala, wangotaya mau. Pepani sapoletsa cironda. Ciphunzitso ceniceni ciyenda pamodzi ndi cakudya ca ziweto ca mtengo wofikirika, mmisiri wa pafupi, ndi magulu a eni ngolo osonkha ndalama pamodzi zogulira mankhwala, kapena ciweto cina tsoka likagwa.

Citsanzo ca zimenezi ciri ku Cape Town. Kale m'dera la District Six akavalo anali kukoka ngolo za ogulitsa nsomba, zipatso ndi ndiwo khomo ndi khomo. Boma la tsankho litalengeza m'caka ca 1966 kuti deralo ndi la Azungu okha, anthu anasamutsidwa mokakamiza kunka ku Cape Flats, kutali ndi misika yao, ndipo ambiri a ngolo anatembenukira ku nchito yotola zitsulo zakutha ndi kukazigulitsa pa sikelo. Zitsulo zilemera koposa nsomba, maulendo anatalika, ndipo akavalo anabvutika kwambiri. M'caka ca 1995 panakhazikitsidwa bungwe lochedwa Cart Horse Protection Association, limene linabweretsa dotolo, amisiri a ziboda ndi okonza zomangira, linayamba kugulitsa cakudya ca akavalo pa mtengo wotsika, ndi kuphunzitsa oyendetsa ngolo. Akavalo analembedwa m'kaundula, ngolo nizipatsidwa zikwangwani za nambala, kuti wolemetsa kavalo adziwike. Oyendera a bungweli ali nayo mphamvu ya lamulo yakulanda kavalo wozunzidwa ndi kukamsunga ku malo opumulirako, ndipo amaigwiritsa nchito. Koma mphamvuyo ibvomerezeka cifukwa wolandidwayo sangathenso kunena kuti analibe kopita.

Apa mpamene malo a lamulo aonekera. Palibe wanzeru amene anganene kuti wankhanza asalangidwe. Alipo anthu amene amenya kavalo wogwa kale, alipo oledzera othamangitsa ciweto pa tara, alipo enanso amene amataya kavalo wokalamba m'mbali mwa mseu kuti afe yekha, atamdyera thukuta zaka zake zonse. Otere ayenera bwalo, ndipo kavalo acotsedwe m'manja mwao tsiku lomwelo. Dziko la Britain linaika lamulo loletsa kuzunza akavalo, ng'ombe ndi nkhosa m'caka ca 1822, mwa khama la Richard Martin, ndipo m'caka ca 1824 panabadwa bungwe limene lero lichedwa RSPCA. Koma lamulolo silinamwetse kavalo ali yense madzi. Akavalo a m'London anamwa pamene bungwe lina, limene linayamba m'caka ca 1859 kumanga pomwera anthu, linayamba kumanganso zomwera ziweto m'miseu. Lamulo licita bwino pa anthu owerengeka ouma mitima. Likagwiritsidwa nchito pa unyinji wa osadziwa ndi osowa, lifanana ndi munthu amene akwapula mwana cifukwa sadziwa kuwerenga, koma sukulu osammangira.

Ena adzati, "Kuphunzitsa kucedwa, ndipo kavalo ali kufa lero." Ndi zoona, ndipo kavalo wa lero ayenera kunyamulidwa lero, kutsukidwa mabala, kumwetsedwa ndi kugonekedwa pa udzu wofewa. Ngati wapitirira pociritsika, aphedwe msanga mosamva kuwawa, pakuti kumsiya kuti afe pang'ono pang'ono ndi mantha cabe amene munthu awacha cifundo. Koma khola lopulumutsira liri ndi malire. Kavalo angathe kukhala moyo zaka 25 kapena 30, ndipo ali yense wosungidwa afuna cakudya tsiku liri lonse la zaka zake zotsalazo. Palibe khola pa dziko lapansi lakuti lingalandire ziweto 100 miliyoni. Ndiponso nthawi yabwino koposa yophunzitsira munthu ndi pamene kavalo wake ali m'manja mwa dotolo, pakuti pamenepo makutu ake ali otseguka. Agwira yekha mutu wa ciweto cake, aona mafinya ali kutuluka, namva dotolo ali kumuuza cimene cinayambitsa balalo. Kupulumutsa kukalekanitsidwa ndi kuphunzitsa, kusanduka kutunga madzi ndi dengu.

Enanso adzati ngolo za akavalo ndi za makedzana, ndipo cotsala ndi kuziletsa kuti magalimoto alowe m'malo mwake. Kumene anthu apeza njira ina yabwino, akavalo amacepa okha popanda lamulo, monga kunacitikira ku London ndi ku New York magalimoto ataculuka. Koma kuletsa ngolo lero m'mzinda umene anthu ake alibe ndalama za galimoto kapena za petulo ndiko kulanda banja cakudya, ndi kusandutsa kavalo kukhala wongodya. Ciweto cimene sicibweretsanso ndalama m'nyumba ya mmphawi sicipita kukapumula kudambo ai. Cigulitsidwa kwa opha nyama, kapena citayidwa. Woletsa uja sadzacionanso pamseu, ndipo adzayesa kuti wacipulumutsa.

Latsala funso lakuti aphunzitse ndani. Zooneka m'maiko ambiri ndi zakuti woyendetsa ngolo amamvera mnzake wa ngolo koposa mlendo wobvala jekete loyera. Ncifukwa cake mabungwe monga Brooke ndi SPANA, limene Kate Hosali ndi mwana wake Nina analiyambitsa m'caka ca 1923 kaamba ka ziweto za kumpoto kwa Africa, amaphunzitsa anthu a m'mudzi momwemo kuti iwo aphunzitse anzao. Mnansi wotere adziwa mtengo wa gaga pamsika, adziwa utali wa njira ya kumadzi, ndipo salangiza zinthu zimene mnzake sangathe kuzigula. Akazi asaiwalike, cifukwa m'mabanja ambiri ndiwo amene amwetsa ciweto, kucidyetsa ndi kusesa m'khola, mwamuna atabwera wolema. Ana nao asaiwalike, cifukwa mnyamata amene lero athamangitsa bulu ndi ndodo ndiye mwini ngolo wa mawa, ndipo kuongola mtengo mpoyamba.

M'dziko la Zambia akavalo ndi owerengeka. Kashembe ndi nthenda ya akavalo yofalitsidwa ndi tizirombo touluka zinawaletsa kuculuka kuyambira kale. Koma ng'ombe zokoka pulawo ndi ngolo ziri m'midzi yambiri, abulu nao alipo, ndipo khosi lotupa ndi goli losasemedwa bwino liwawa cimodzimodzi ndi msana wa kavalo wa ku Cairo. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, wodziwa kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala ndi kulemba kalata kwa mlangizi wa ziweto, ali ndi cida cimene agogo ake analibe. Akaona ciweto ca mnansi wake ciri ndi cironda, njira ziri zitatu: kupitirira, kutukwana, kapena kukhala pansi mwaulemu ndi mwini wake ndi kufunsa kuti, "Pepani bambo, kodi goli limeneli silingasalazidwe pang'ono apa pamene likhula khosi?" Njira ziwiri zoyambazo ndi zapafupi, ndipo ciweto cidzuka naco cironda cake m'mawa. Yacitatu ifuna kuleza mtima ndi kubweranso kawiri kapena katatu, koma ndiyo yokha imene ifika pa khungu la ciwetoco, cifukwa dzanja limene lidzacimanga mawa ndi la mwini wake.